Kadzenje pa Phazi la Chimphona

Chimphona anafika Lolemba pa basi ya m'mawa, ndipo mlongo wake anamupitirira pa depoti osamuzindikira. Maso ake ankafuna munthu wa mapewa otambalala, uja ankanyamula matumba awiri a simenti nthawi imodzi anzake akumuombera m'manja. Amene anamugwira mkono anali bambo wina wovala jekete la eni ake, khosi ngati la nkhuku yososoledwa, lamba ataboola mabowo atsopano ndi msomali.

"Kasupuni," anatero bamboyo. "Wayamba kunyada eti?"

Anamudziwira mawu. Dzina limenelo anamupatsa ndi iyeyo, mchimwene wake wamkulu, chaka chimene mtsikanayu anayamba maphunziro a zakudya ndi kadyedwe ku yunivesite n'kubwera kunyumba akuwerengera aliyense masupuni a shuga m'tiyi. Tsopano anali m'chaka chachitatu. Chimphona anapita kunja kwa dziko kukagwira ntchito ya zomangamanga, mapepala ake anatha mphamvu, ndipo aboma a kumeneko anamusunga miyezi isanu m'nyumba yotsekeramo anthu odikira kubwezedwa kwawo. Masabata omaliza anadwala m'mimba, moti ngakhale kachakudya kochepa kamene ankapatsidwa sikankakhazikika. Zonsezi anafotokoza m'takisi mwachidule, akupumira pakati pa mawu, ngati akunena za munthu wina.

Amayi atamuona pakhomo sanalire. Anamugwira mkono, zala zawo ziwiri n'kukumana mozungulira mkonowo. Kenaka anatembenuka n'kulowa m'khitchini, ndipo posakhalitsa kunamveka mapoto.

Kasupuni anawatsatira.

"Amayi, dikirani kaye. Nkhani iyi ndisiyireni ine."

Zaka zitatu zonsezi pakhomopo ankamuseka kuti anapita ku yunivesite kukaphunzira kuphika, ntchito imene anzake anaidziwa asanathe n'komwe msinkhu. Ankayembekezera kuti amayi amutulutsa m'khitchinimo. Koma amayi anaika chivundikiro pansi n'kupukuta manja.

"Chabwino, mwana wa sukulu. Tiuze. Mchimwene wakoyu timubweze bwanji?"

Anali asanafunsidwepo chotero m'nyumba imeneyo. Zinamukomera mumtima, ndipo anayankha mosajejema monga ankayankhira m'kalasi. Mimba ya munthu wotere imakhala itachepa, choncho chakudya chikhale chochepa m'mbale koma chodzaza mphamvu. Phala likhale la mkaka, lothira shuga wambiri, mafuta ophikira ndi dzira. Buledi azipakidwa majarini mokhuthala. Mpunga, mbatata, nthochi zakupsa, tiyi wotsekemera. Asamadikire njala, azingodya pafupipafupi kuyambira m'mawa mpaka pogona. Madzulo ake anabwereka sikelo kwa mnzake wa ku hositelo n'kuiika pakhomo la bafa. Singano inaima pa 48. Munthu ameneyu anachoka pakhomopo akulemera makilogalamu 90.

Chimphona ankadya ngati pali womuthamangitsa, mkono umodzi atatchinga mbale. Akamaliza ankanyambita supuni mbali zonse, kenaka n'kuyang'ana kukhomo la khitchini. Amayi ankaima pomwepo, poto ali m'manja, kudikira diso limenelo.

Lachitatu kunabwera azakhali, mlongo wa malemu bambo awo, mayi wa thupi ndi mawu omveka kutali. Anatsitsa kireti ya zakumwa zotsekemera pakhonde n'kugwira m'chiuno.

"Kodi adokotala a mapoto alola zimenezi kulowa m'nyumba?"

"Amwe," anatero Kasupuni. "Ndi mphamvu imeneyo."

"Ha! Lero shuga wasanduka m'bale wathu? Chaka chatha unandilanda supuni m'manja ngati ndaba."

"Inuyo azakhali nkhokwe yanu ndi yodzaza kale. Achimwenewa yawo ili pululu."

Onse anaseka, ndi Chimphona yemwe, ngakhale kuti kuseka kwake kunathera m'chifuwa.

M'mawa uliwonse singano inkasuntha. Pofika Lachinayi masaya anayamba kubwerera, maenje a m'maso n'kudzaza. Lachisanu m'mawa singano inaima pa 52. Amayi anatsuka mbale akuimba, ndipo Kasupuni akutuluka pageti anawamva akuuza mayi woyandikana nawo pamwamba pa mpanda kuti sukulu si bodza, iwo aona ndi maso awo.

Tsiku limenelo kunali phunziro la m'labotale, la kayezedwe ka thupi la wodwala. Ophunzira ankayezana mikono ndi tepi, akusekana mafuta. Mphunzitsi wawo anali mayi wamfupi wa imvi, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'mawodi a ana onyentchera asanabwere ku yunivesite. Ophunzira ankamutcha Madamu Chala, chifukwa pa nkhani iliyonse ankakweza chala chachikulu n'kunena kuti chida choyamba cha katswiri wa kadyedwe n'chimenecho, sikelo imabwera pambuyo. Akatembenuka ankamutsanzira.

Madamu atafunsa ngati pali amene anayezapo munthu wamkulu woonda kwambiri, dzanja la Kasupuni linakwera lokha. Anafotokoza za mchimwene wake, za miyezi isanu ija, za phala la mkaka ndi shuga. Anasungira nambala kumapeto, monga mmene munthu amasungira nyama m'mbale.

"Ndipo pano wakwera makilogalamu anayi, Madamu."

Wina kumbuyo anaomba m'manja. Madamu sanamwetulire. Anaika tepi patebulo pang'onopang'ono.

"Kuyambira liti?"

"Lolemba."

"Lolemba lomweli?"

"Inde, Madamu."

"Ndi thupi liti limene limamanga mnofu wa makilogalamu anayi pakati pa Lolemba ndi Lachisanu? Mapazi ake wawaona?"

"Amavala masokosi. Akuti amamva kuzizira."

"Akugona bwanji?"

"Atakhala pampando. Akuti akagona chagada mpweya umamubanika." Mawu ake anayamba kuchepa. "Tinkati n'kukhuta."

"Manja?"

Dzulo lake kapu inamupulumuka Chimphona m'manja n'kusweka. Azakhali anati ndi tulo.

Ndime yonse ya m'buku inamubwerera Kasupuni m'mutu, mawu ndi mawu, chifukwa anailemba yekha pa mayeso a chaka chachiwiri n'kupeza malikisi onse. Thupi likakhala nthawi yaitali osadya mokwanira, michere ya m'kati mwake imatha, makamaka fosifeti, potaziyamu ndi maginiziyamu. Yotsala m'magazi imakhala yongokwanira kuti mtima uzigunda. Ukathira shuga wambiri mwadzidzidzi, insulini imakwera, maselo amameza shugayo pamodzi ndi michere yotsala ija, ndipo m'magazi mumatsala mopanda kanthu. Mtima umafooka. Minofu yopumira imafooka. Impso zimayamba kusunga madzi. N'chifukwa chake woonda kwambiri amayamba ndi chakudya chochepa, kuchipatala, akuyezedwa magazi, ndipo chakudya chodzaza mphamvu chimabwera pambuyo pake. Iye analumpha chiyambi n'kuyambira pakati. Pa pepala la mayeso wodwalayo anali mwana wa pa bedi nambala yakuti, wopanda dzina, wokana kudya. Sanali mchimwene wake womutcha Kasupuni ndi wonyambita supuni.

"Ndi madzi," anatero monong'ona.

"Ndi madzi," anavomera Madamu. "Siya chikwama, anzako akusungira. Asadyenso kalikonse, asamwenso chotsekemera. Pita naye kuchipatala lero lomwe, ukawauze zonse zimene wandiuzazi osabisa ngakhale supuni imodzi. Kulira udzalira mawa. Thamanga."

Mu minibasi anaimba foni ya amayi. Inalira mpaka kuduka. Ankaidziwa pamene inali, pansi pa pilo kuchipinda, pamene amayi ankaisiya akakhala ndi zophika. Ya azakhali inali yothima. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika pamutu, ndipo iye mwini ndi amene analamula kuti chakudya cha masana chizikhala chachikulu kuposa zonse. Minibasi inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndi pamene sanakweze pomwe.

"Achimwene, chonde, tiyeni. Kunyumba kuli matenda," Kasupuni anapempha kondakitala.

"Aliyense muno kwawo kuli matenda, sisi," anatero kondakitala, mutu uli panja. "Mukafuna yachangu mugule yanu."

Pa mphambano ya pamsika magalimoto anapanikizana, lole itafera pakati pa msewu. Kasupuni anatsika n'kuyamba kuthamanga. Anadutsa pakati pa ogulitsa makala, analumpha ngalande, nsapato imodzi inaduka lamba ndipo anaivula n'kuigwira m'manja. M'mutu mwake munkangozungulira chinthu chimodzi, kireti ija ya pakhonde, ndi mawu ake omwe: amwe, ndi mphamvu imeneyo.

Anawapeza pa tebulo. Chimphona anali atatsamira mapilo awiri pampando, mbale ya mpunga ili patsogolo pake itafika theka, botolo la chakumwa chotsekemera lili pambali. Nkhope yake inali yodzaza, yonyezimira. Mapewa ankakwera ndi kutsika ngati munthu wochokera kothamanga.

"Taona masaya a mwana wa achimwene anga!" anatero azakhali. "Sabata yamawa tikamufunire mbeta. Nanga iwe nsapato m'manja bwanji, akuthamangitsa agalu?"

Kasupuni anagwada pansi, anavula sokosi ya kuphazi lamanja la mchimwene wake. Sokosiyo inasiya mzere wakuya pamwendo. Phazi linali lotupa, losalala, akakolo osaoneka. Anadinikiza chala chachikulu pamwamba pa phazilo, anadikira, n'kuchotsa. Panatsala kadzenje. Anakayang'anitsitsa, akukapempha mumtima kuti kadzaze. Kanakhala momwemo ngati chala chadinda pa dothi lonyowa.

Anadzuka n'kugwira mbale.

"Achimwene, siyani."

"Iwe, sindinamalize."

"Siyani, chonde."

Chimphona anagwira mbaleyo ndi manja onse awiri. Kasupuni anakoka pang'ono chabe, ndipo mbale inabwera. Zimenezi n'zimene zinamuopsa kuposa kadzenje kaja. Manja amene ankamunyamula m'mwamba ali mwana analephera kulimbirana naye mbale ya mpunga.

"Wapenga?" Amayi anatulukira m'khitchini, chipande chili m'manja. "Bwezera mwana chakudya chake!"

"Amayi, chakudyachi chikumupha. Tiyenera kupita kuchipatala pompano."

"Chakudya chinaphapo ndani? Si iwe wemwe unati adye pafupipafupi? Si iwe unati shuga, unati mkaka?"

"Ndine. Ndinalakwitsa."

"Lolemba unkadziwa zonse, lero walakwitsa. Nanga mawa udzati chiyani? Munthu wayamba kuoneka ngati munthu, iwe ukumulanda mbale ngati kundende kuja?"

"Ndiye sukuluzi," anatero azakhali. "Buku lililonse ndi nzeru zake. Mwanayu akunenepa tikuona."

"Si kunenepa, azakhali, ndi madzi. Mtima wake ukulephera kupopa." Anagwira dzanja la amayi n'kulikokera pansi. "Dinikizani apa. Dinikizani nokha muone."

Amayi anamulanda dzanja lawo.

"Usandigwiregwire. Ndalera ana anayi popanda kuwabaya mapazi."

"Kasupuni." Anali Chimphona. Mawu ake ankatuluka limodzilimodzi. "Mlongo wanga. Ndipatse. Pang'ono pokha."

Misozi inali kutsika pa masaya odzaza aja. Anagwira m'mphepete mwa tebulo kuti adzuke akatenge yekha mbaleyo. Anakwera pang'ono, mawondo anakana, ndipo anagwera m'mbali, mpando n'kupita kwake. Botolo linagubuduka n'kutayikira pansi. Atamudzutsa, milomo inali itachita mbuu, maso akuyendayenda. Anayang'ana amayi ake n'kuwafunsa ngati alonda atsegula kale chitseko.

Chipande chinagwa m'manja mwa amayi. Azakhali ndi amene anathamangira panja akufuula dzina la woyendetsa takisi wa kuseri kwa nyumba.

Kuchipatala, ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi, anamugoneka motsamira pa bedi la matayala. Namwino wamkulu, mayi wa magalasi olendewera pachingwe, anamuyeza kuthamanga kwa magazi n'kugwira mtsempha wa padzanja. Anamva mwachidule kwa azakhali kuti munthuyu wakhala miyezi osadya bwino ndipo wakomoka. Anachita zimene manja ake anazolowera kuchita kwa munthu wofooka ndi njala. Anabaya singano pamkono, anatenga thumba la madzi a shuga n'kulipachika pachitsulo.

Kasupuni anawerenga zolembedwa pathumbapo.

"Asisita, chonde, imeneyo ayi. Musamuike ya shuga."

Namwino anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, kuyambira kumutu mpaka ku phazi lopanda nsapato.

"Ndiwe ndani?"

"Ndine mlongo wake."

"Alongo amadikira pabenchi panja."

"Ndimaphunzira za kadyedwe ku yunivesite. Chaka chachitatu."

"Ophunzira ndiye amadikira kunja kwa geti. Tapatuka, mwanawe, ndigwire ntchito."

Namwino analumikiza kachubu. Kasupuni sanaganize. Anatambasula dzanja n'kufumbata kagudumu kotsegulira diripi.

"Iwe! Chotsa dzanja!"

"Muitane alonda, mundimange, koma ayambe amuona adokotala. Chonde, asisita. Ndagwira mwendo wanu."

"Mwana ameneyu lero watani kodi?" Amayi anali pakhomo, atagwira mutu ndi manja awiri. "Kunyumba wamulanda mbale, kuno ukumulanda mankhwala. Ukufuna afe?"

Phokosolo linatulutsa dokotala kuseri kwa katani, bambo wamtali wa maso otopa, cholembera chili kukhutu.

"Kuno ndi kumsika? Chavuta n'chiyani?"

Kasupuni sanachotse dzanja. Anayamba kufotokoza monga anawaphunzitsira kufotokoza wodwala, chinthu chilichonse pamalo pake. Mwamuna wa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Miyezi isanu ya chakudya chosakwanira, masabata omaliza akutsegula m'mimba. Anatsika kuchoka pa 90 kufika pa 48. Kuyambira Lolemba wakhala akudya phala la shuga ndi mkaka, buledi, mpunga ndi zakumwa zotsekemera, tsiku lonse. Wakwera makilogalamu anayi. Mapazi atupa, sakutha kugona chagada, manja alibe mphamvu, ndipo tsopano mutu wayamba kusokonekera.

"Anamulembera chakudya chimenecho ndani?" anafunsa dokotala.

"Ndine."

Dokotala anamuyang'ana kanthawi. Kenaka anapita kumapazi a Chimphona, anakwinya buluku n'kudinikiza chala pa msongolo. Anamvetsera pachifuwa ndi kumsana nthawi yaitali.

"Asisita, tamubayani chala tione shuga."

Namwino anabaya, anadontheza magazi pa kachida n'kudikira. Anakweza nsidze n'kutembenuzira kachidako kwa dokotala. Shuga sanali wotsika. Anali wokwera.

"Tsitsani thumbalo. Ayambe walandira vitamini B1. Tengani magazi akayeze michere yonse, muwauze kuti ndikuifuna lero, osati Lolemba. Mpatseni mpweya, ndipo tijambule kagundidwe ka mtima." Anatembenukira kwa Kasupuni. "Ungachotse dzanja tsopano. Amakuphunzitsa ndi kamayi ka chala kaja?"

"Inde, adokotala."

"Kanatizunza ifenso." Sanaseke. "Kadikireni panja."

Namwino potsitsa thumba lija anayang'ananso phazi la Kasupuni, limene linali litang'ambika chala n'kudontheza magazi pa simenti. Anatulutsa pulasitala m'thumba la yunifolomu n'kumuponyera.

"Mata pamenepo. Usatiwonjezere odwala."

Pabenchi anakhala atatu, amayi pakati. Dzuwa la masana linkalowa pa zenera la m'khonde n'kumayenda pang'onopang'ono pakhoma. Azakhali, amene pakamwa pawo sipankauma, ankangopinda ndi kupindula kampango. Nthawi iliyonse chitseko chikatseguka onse ankadzuka, n'kukhalanso. Kasupuni ankawerenga m'mutu mbale zonse za sabata imeneyo, phala lililonse limene anatakasa ndi dzanja lake, botolo lililonse limene anatsegula, ngati kuti akaziwerenga bwino zingachepe.

Amayi analankhula osamuyang'ana.

"Ndiye ukundiuza kuti mwana wanga anapirira konse kuja, anabwera ndi moyo wake m'manja, kuti adzafere pa tebulo langa?"

M'mabuku onse a Kasupuni munalibe ndime ya funso limenelo.

Dokotala anatuluka dzuwa litapendeka. Anati mchere wa fosifeti watsika kwambiri, potaziyamu nayenso, ndipo mtima ukugunda mosalongosoka. Ayamba kumubwezera michereyo kudzera m'mitsempha, mosathamanga, ndi kumuchotsa madzi. Chakudya sachisiyiratu, koma chikhala chochepa zedi, choyezedwa ndi katswiri wa kadyedwe wa pachipatalapo.

"Achira?" anafunsa amayi.

"Sindikulonjezani, mayi. Masiku awiri atatu akubwerawa ndi amene atiuze. Chimene mungatithandize n'chimodzi. Chakudya cha kunyumba chisalowe m'kamwa mwake. Ngakhale akulirireni bwanji."

Loweruka Chimphona sanazindikire munthu. Ankakoka kachubu ka mpweya, akuitana mayina a anthu amene pakhomopo sankawadziwa. Kasupuni anakhala pa kampando pambali pa bedi, akumugwira dzanja kuti asazule singano, maso ali pa chifuwa chake chokwera ndi kutsika. Lamlungu m'mawa dokotala anati michere yayamba kukwera ndipo mtima wayamba kukhazikika, koma ngozi sinathe. Chapakati pa m'mawa Chimphona anatsegula maso n'kumuyang'ana bwinobwino.

"Kasupuni. Ndili ndi njala."

Katswiri wa kadyedwe anali atasiya kakapu ka pulasitiki kokhala ndi mizere, ndi jagi ya mkaka wa kuchipatala, wosatsekemera kwenikweni. Anaonetsa Kasupuni mzere woyenera, wachiwiri kuchokera pansi, ndi nthawi zake. Chimphona anamwa kamodzi n'kamodzi, n'kusuzumira m'kakapumo.

"Basi?"

"Basi, achimwene. Wina masana."

Anatembenukira kukhoma.

Nthawi yoona odwala itakwana, chitseko cha wodi chinatseguka ndipo anthu analowa ndi madengu ndi mafulasiki. Pakati pawo panali amayi, azakhali ali pambuyo. Amayi anali atanyamula dengu lovindikira ndi nsalu yoyera. Fungo linafika pabedi iwo asanafike: nkhuku yokazinga, mpunga, anyezi.

Kasupuni anadzuka n'kuima pakati pa dengu ndi bedi.

"Amayi."

"Ndikudziwa. Koma ndikanalowa bwanji chimanjamanja? Anthu aziti mayi uyu ngwotani?"

Chimphona anali atatembenuka kale. Mphuno zake zinkatukuka pansi pa kachubu ka mpweya. Anayesa kudzuka ndi chigongono.

"Amayi. Amayi, bwerani nalo kuno. Uyu akundipha ndi njala. Kumene ndinali kuja ankatipatsa zambiri kuposa izi." Mawu anamuthera ndipo anapuma. "Kamwendo kokha. Sindiuza munthu. Amayi, si ine mwana wanu?"

Azakhali anatembenukira kuzenera, kampango kali pakamwa. Lachisanu Kasupuni analimbana ndi mbale, analimbana ndi namwino, koma apa anadziwa kuti amayi akamudutsa sangathe kuwagwira. Akanatha kuitana asisita. Akanatha kukuwa. Koma mawa iye anali ndi kalasi, ndipo pa kampando kameneka padzakhala amayi okha, dengu lili pamiyendo, mwana wawo akuwalirira.

Amayi anamudutsadi. Anaika dengu pa kampando, anapita kumapazi a bedi n'kukweza chofunda. Anayang'ana phazi la mwana wawo nthawi yaitali. Kenaka anatambasula chala chachikulu, chala chokhakhala ndi sopo ndi moto, n'kuchidinikiza pamwamba pa phazilo.

"Ndidikire mpaka liti?" anafunsa osatembenuka.

"Muwerenge mpaka katatu, mosafulumira."

Milomo ya amayi inayenda. Anachotsa chala. Kadzenje kanatsala, kosaya kuyerekeza ndi ka Lachisanu, koma kanalipo. Amayi anawerama n'kukayang'ana pafupi, monga amayang'anira mpunga ngati muli miyala.

"Kakadalipo," anatero.

Anabwezera chofunda, anachikonza bwino m'mbali. Anatenga dengu, anamangitsa mfundo ya nsalu ija n'kulipereka kwa azakhali.

"Alamu, pitani nalo panja. Pansi pa mtengo paja pali amayi odikirira odwala, ena sanadye chidzulo. Mbale mubwere nazo."

"Amayi!" Chimphona anamenya bedi ndi dzanja, koma dzanjalo silinamveke n'komwe. "Inunso? Inunso mwagwirizana naye?"

Anatukwana mlongo wake, anatukwana chipatala, analira ngati mwana wolandidwa bere. Odwala a mabedi oyandikana anayang'ana kumbali. Amayi anakhala pa kampando, nsana uli chilili, nkhope ili gwa, misozi yokha ikutsika mpaka kuchibwano osaipukuta. Anadikira mpaka fungo la nkhuku litatheratu m'wodimo.

"Nthawi yake yakwana?" anafunsa.

Kasupuni anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kugwedeza mutu movomereza. Anatenga jagi, koma amayi anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno. Mpaka pati?"

"Pa mzere uwu. Wachiwiri."

Amayi anakweza kakapu kufika pa maso, anathira mosamala, anapitirira pang'ono, n'kubwezera m'jagi madontho owonjezerawo. Anachirikiza mutu wa mwana wawo ndi dzanja limodzi n'kumumwetsa pang'onopang'ono, akuchotsa kakapu pakamwa pake iye akafuna kugugudiza. Atamaliza, Chimphona anatambasula dzanja kulozera jagi. Amayi anakankhira jagiyo kutali, kumapeto kwa kabati, ndipo dzanja lotambasukalo analigwira ndi manja awo awiri.